Ana athu aphunzire kuwerenga nyanja kuchokera kumwamba



Pa 15 Januwale 2022 phiri lamoto la pansi pa nyanja ku Tonga linaphulika, ndipo utsi ndi nthunzi zake zinakwera mtunda woposa makilomita 50. Masetilaiti a zanyengo a ku Japan ndi ku America anajambula zonsezo zikuchitika. Mwina wina afunsa kuti za ku Pacific zikutikhudza bwanji ife a ku Mangochi. Ife tikuti zikutikhudza, ndipo tili ndi pempho lomwe likuchokera pankhaniyi.

Phiri likaphulika pansi pa madzi limatulutsa mpweya wa sulufule, chitsulo ndi zinthu zina zosungunuka. Zikasakanikirana ndi madzi a m'nyanja, madziwo amasintha mtundu, nthawi zina achikasu, obiriwira kapena akatondo, ndipo amawawasa. Setilaiti siiona pansi pa nyanja, koma imaona mtunduwo pamwamba, imayeza kutentha kwa madzi, ndiponso imatsata miyala yopepuka yomwe imayandama. Mu Ogasiti 2021 phiri la Fukutoku-Okanoba ku Japan linaphulika, ndipo patatha miyezi iwiri miyala yoyandamayo inadzaza madoko a asodzi ku Okinawa n'kuwononga mainjini a maboti. Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Malindi akudziwa tanthauzo la kukhala pagombe injini itafa.

Pafupi ndi kwathu kuno, m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, pali chilumba cha Mayotte komwe anthu ambiri ndi Asilamu anzathu. Kuyambira Meyi 2018 zivomezi zinkawagwedeza kawirikawiri osadziwa chomwe chikuchititsa. Zida za GPS, zomwe zimadalira masetilaiti, zinaonetsa kuti chilumbacho chikutitimira pang'onopang'ono komanso chikusunthira kum'mawa. Mu 2019 akatswiri anapeza phiri latsopano, lomwe pano limatchedwa Fani Maoré, pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa, litamera pansi pa madzi akuya mamita oposa 3,000. Anthu anasiya kulota, anadziwa chomwe akulimbana nacho.

Pansi pa nyanja yathu ya Malawi palibe phiri lodziwika lomwe likuphulika, ndipo sitikufuna kuopseza munthu. Komabe nyanjayi ili m'chigwa chomwe nthaka ikung'ambika, n'chifukwa chake kunagwa chivomezi ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, ndipo ku Nkhotakota kuli akasupe otentha a Mawira. Chachikulu n'chakuti maso omwe amayang'ana mapiri a m'nyanja aja ndi omwewonso amadutsa pamwamba pa Monkey Bay ndi Malombe. Zithunzi za Landsat ndi Sentinel-2 aliyense akhoza kuziona kwaulere, bola intaneti.

Kodi mwana wathu angaonemo chiyani? Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo madzi apansi penipeni alibe mpweya woti nsomba zipume. Mwera ukamawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kumwera kwathu kuno madzi ozizira apansi amakwera ndi chakudya cha tizomera tomwe timadyetsa nsomba. Kuzizira kumeneko ndi kubiriwira kwa madzi kumaoneka pa zithunzi. Matope omwe mitsinje imatsanulira m'nyanja nthawi ya dzinja, chifukwa tinadula mitengo m'mapiri, amaonekanso. Madzi atasefukira mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete muno, malire a madziwo analembeka kumwamba mwezi ndi mwezi.

Nthawi zambiri madzi akasintha mtundu kapena nsomba zikafa n'kuyandama, mphekesera ndi zomwe zimathamanga. Ena amati wina wathira mankhwala, ena amaloza mnzawo chala cha ufiti, ndipo anthu amadana popanda umboni. Chipembedzo chathu chimatiletsa kufalitsa nkhani yosafufuza, komanso chimatilimbikitsa kuyang'anitsitsa chilengedwe cha Allah. Mwana wodziwa kuyerekeza chithunzi cha sabata ino ndi cha chaka chatha akhoza kuthandiza mudzi wake kufunsa mafunso oyenera.

Tikudziwa kuti ena mwa makolo anena kuti ndalama ndi zochepa, mabuku ndi madesiki sanakwane, mayeso a MSCE ali pakhomo. Ndi zoona. Ndi zoonanso kuti mitambo imaphimba nyanja masiku ambiri a dzinja, ndipo setilaiti siidziwa zomwe agogo athu amadziwa akangoona mafunde m'bandakucha. N'chifukwa chake pempho lathu ndi laling'ono. Komiti iike padera ndalama ya bandulo ya intaneti mwezi uliwonse. Aphunzitsi a Jogalafe ndi sayansi akhazikitse kagulu ka anyamata ndi atsikana koona zithunzizi Loweruka. Makolo omwe ndi asodzi azibwera kudzanena zomwe anaona m'madzi tsiku lomwelo, ana azilemba m'kope limodzi.

Chambo cha ku Malombe chinachepa ife tikuonerera, popanda kope lathu lolembamo zomwe zinkachitika. Nkhaniyi tidzaibweretsa pamsonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo tikupempha kuti mudzabwere ndi maganizo anu, In sha Allah.