Kalata kwa Bwanamkubwa wa Tete: Mbiri ya Macanga ndi Tsangano Isapite ndi Agogo

Wolemekezeka Bwanamkubwa,

Ufumu wa Macanga, umene banja la Pereira lidaulamulira mpaka Apwitikizi adaugonjetsa mu 1902, udalembedwa kwambiri. Koma zolembazo zili ku Lisbon ndi ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, m'Chipwitikizi, kutali ndi mwana wa ku Furancungo, m'boma la Macanga, wofuna kudziwa za makolo ake. Zimene eni dziko amadziwa zili m'mitu mwawo basi, ndipo maliro aliwonse a nkhalamba amapita nazo kumanda.

Anthu a ku Macanga ndi Tsangano adaona zambiri. Alipo amene adagwira chibalo nalawa mbalamatodya. Alipo amene ankasenzera asilikali a Frelimo ufa usiku nkhondo yomenyera ufulu itakula m'chigawo chino kuyambira mu 1968. Kenaka kudabwera nkhondo yapachiweniweni, imene pofika mu 1992 idali itathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri a ku Tsangano adangowoloka malire n'kukamanga misasa ku Ntcheu, akuona mapiri a kwawo tsiku lililonse koma osatha kukalima. Mu 2016 anthu a m'chigawo chino adathawanso, ulendo uno kupita ku Kapise m'boma la Mwanza.

Umboni wa zonsezi ulipo, koma ukuwola. M'nyumba zina mukadali khadi lolandirira ufa, nyemba ndi mafuta kumsasa, lokulungidwa m'pepala la shuga n'kubisidwa pansi pa sutikesi. Dzina lafufutika mbali imodzi, m'mphepete chiswe chidadya kale. Mayi wosunga khadilo amakumbukira njira imene adadzera, mwana amene adamuika m'manda panjira, ndi mfumu ya ku Malawi imene idawapatsa malo. Palibe adabwerapo kudzamufunsa.

Nkhani ya mudzi wa Wiriyamu ikuonetsa mphamvu ya mawu a anthu otere. Asilikali a Apwitikizi atapha anthu mazanamazana kumeneko pa 16 Disembala 1972, boma lawo lidakana. Bambo Adrian Hastings adaulula nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times mu 1973, ndipo patapita zaka wolemba mbiri Mustafah Dhada adayenda m'midzi kujambula mawu a opulumuka. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, idapepesa ili ku Maputo. Akadapanda kufunsidwa anthu aja, bodza likadakhala.

Pempho langa si lalikulu, Bwana. Pakufunika chipinda chosadontha ku Furancungo ndi china ku Tsangano, kabati yotsekeka, kompyuta, ndi achinyamata ophunzitsidwa kufunsa akulu mwaulemu n'kujambula mawu pafoni. Akatswiri a bungwe lofufuza za chikhalidwe la ARPAC ntchito imeneyi amaidziwa, ndipo lamulo la 10/88 lidapatsa kale boma udindo woteteza chuma cha chikhalidwe. Zojambulazo zikhale m'Chinyanja, kuti wailesi za m'madera ziziulutsa ndipo aphunzitsi azipita nazo m'kalasi.

Chofunika koposa ndi umwini. Nkhokwe ya zojambulazi isakhale ya chipani. Nkhondo yapachiweniweni idapweteka anthu kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo wamasiye sangatsegule pakamwa ngati akuopa kuti mawu ake akathera kupolisi. Aziyang'anira ndi mafumu, amayi, a mipingo ndi aphunzitsi, ndipo wofuna kuti dzina lake libisidwe amveredwe. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, akuluakulu a kudambwe ndiwo anene zoyenera kujambula ndi zosayenera.

Mnyamata amene adali ndi zaka 20 mu 1968 tsopano akuyandikira 80. Nthawi yabwino yofunsa ndi chilimwe, fodya atagulitsidwa ku Macanga, tirigu ndi mbatatesi zitakololedwa ku Tsangano, anthu ali pakhonde. Lamulani kuti ndalama za ntchitoyi zilowe m'bajeti ya chigawo, ndipo oyang'anira maboma awiriwa apereke zipindazo mvula isanagwe.