Kazitape wa pa chiwaya

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, malo ogulitsira zakudya m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Lisasadzi amachita phamphu. Madalaivala a malole onyamula mabelo, alimi amene angolandira zawo, komanso apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, onse amafuna chamsangamsanga: tchipisi cha pa chiwaya, kanyenya, kapena nsima ya nkhuku. Koma eni malo ambiri sakhalapo tsiku lonse. Wina ali kumunda, wina ali ku golosale, ndipo madzulo amangolandira ndalama ndi mawu akuti "zayenda bwino, bwana". Amadzazindikira mochedwa kuti malole aja adayamba kuima kwa mnzawo.

Makampani akuluakulu a zakudya zamsangamsanga, a mtundu wa KFC imene tili nayo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ali ndi njira yothana ndi vutoli. Amatuma munthu amene antchito sakumudziwa kuti akagule chakudya ngati kasitomala wamba, aone zonse, kenaka akapereke lipoti. Pa Chingerezi amati mystery shopper, ife tingoti kasitomala wachinsinsi. Nzeruyi ndi yakale. Buku la Michelin la ku France, limene lidayamba kupereka nyenyezi kwa malesitilanti abwino mu 1926, limadalira oyendera amene amadya osadziulula ndipo amalipira bilu ngati wina aliyense. Mlimi wa fodya sangadabwe nazo izi. Ku okushoni wogula sakhulupirira masamba a pamwamba pa belo, amasolola a m'kati. Mwini lesitilanti akafika yekha amaona masamba a pamwamba, chifukwa aliyense amathamangira tsache akangoona galimoto kapena njinga ya bwana.

Ine ndikuti eni malesitilanti ndi ziwaya a kwathu kuno angapindule nayo njirayi, ndipo sifuna ndalama zambiri. Mumangopempha mnzanu wa ku Mponela kapena ku Dowa amene antchito anu sadamuonepo, n'kumupatsa ndalama ya mbale imodzi.

Wotumidwayo aitanitse chakudya chimene anthu ambiri amagula, asafunse mafunso ochititsa anthu kukayikira. Ayang'ane nthawi imene waitanitsa ndi nthawi imene mbale yafika. Aone ngati pa ndowa yosambira m'manja pali sopo ndi madzi oyera, poti tonse tikukumbukira kolera imene idayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Aone mtundu wa mafuta a m'chiwaya, ngati akadali oyera kapena adada bii chifukwa chokazingira masiku ambiri. Aone ngati dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo likutapa kabichi wa saladi, ngati nyama ndi yovundikira kapena ntchentche zikuchitapo msonkhano, ndiponso ngati tchipisi chotentha chikuikidwa m'timajumbo topyapyala timene boma lidaletsa. Akalowenso kuchimbudzi. Polipira apereke ndalama yaikulu kuti aone ngati chenje chibwera chokwanira, kapena afunse ngati amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Ulendo umodzi sukwanira. Apite masana anthu atadzaza, adzapitenso madzulo chakudya chitatsala pang'ono kutha, chifukwa mpamene za dzulo zimatenthetsedwa.

Nanga zipangizo? Kunja amagulitsa makamera obisika m'batani la malaya ndi zolembera zojambula mawu. Kwathu kuno foni ya m'manja ndi yokwanira. Ili ndi wotchi, kamera, chojambulira mawu ndi polemba. Batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi athu mukuwadziwa. Chithunzi cha mbale isanadyedwe, cha bolodi la mitengo ndi cha lisiti ngati ilipo, n'chosavuta kujambula popeza masiku ano anthu ambiri amajambula chakudya chawo. Wofuna kujambula mawu aike foni m'thumba la malaya, mbali ya maikolofoni itayang'ana kumwamba, ndipo ayeseretu kunyumba, chifukwa phokoso la malole ndi wayilesi limameza mawu. Komabe chida chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi kope ndi cholembera. Munthu akangotuluka, akhale pansi pa mtengo patali pang'ono, alembe zimene waona zisanasakanikirane m'mutu. Alembe kuti "mbale yafika patatha mphindi 25", asalembe kuti "mtsikanayo ndi waulesi". Kamera sinunkhiza mafuta owola, sidziwanso ngati nsima yazizira.

Pa nkhani yojambula mobisa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane, abale anga. Ndime 21 ya malamulo oyendetsera dziko lino imateteza chinsinsi cha munthu aliyense, kuphatikizapo wotsuka mbale. Tilinso ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene anthu amangidwa nalo chifukwa cha zimene adatumiza pa intaneti, komanso lamulo la Data Protection Act la 2024. Choncho mwini malo auziretu antchito ake powalemba ntchito kuti nthawi ina kudzabwera kasitomala wachinsinsi, ngakhale sawauza tsiku. Nkhope za makasitomala ena ndi za ana zisajambulidwe. Zojambulidwazo zipite kwa mwini malo yekha, zisalowe pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook. Kanema wa mphindi imodzi akangotuluka sabwerera, ndipo kumudzi kuno aliyense adziwa kuti mtsikana uja ndi mwana wa ayani.

Choopsa china n'chakuti kamera imajambula wantchito, koma zolakwika zambiri zimachokera kwa amene sali pachithunzipo. Mnyamata wa pa chiwaya sagula mafuta, amakazingira amene wapatsidwa. Sopo akasowa pa ndowa, funso loyamba likhale lakuti adagulidwa liti. Mtsikana mmodzi akamaphika, kuperekera, kutsuka mbale ndi kulandira ndalama kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, kuchedwa kwa mbale ndi mlandu wa amene adakana kulemba wachiwiri. Lipoti labwino limasiyanitsa zimene wantchito angakonze yekha ndi zimene zikufuna thumba la bwana. Ndipo likapeza kuti wina walakwadi, ndime 57 ya lamulo la Employment Act imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata woyankhapo. Kumuonetsa kanema n'kumuloza khomo nthawi yomweyo n'kuphwanya lamulo. Malipiro amenewo mwina ndi amene akugulira mayi ake thumba la feteleza.

Inu makasitomala wamba amene simudatumidwe ndi aliyense, maso omwewa muli nawo. Mukaona choipa, yambani mwauza mwini malo. Akanyozera, ku khonsolo kuli alangizi a zaumoyo amene ntchito yawo ndi kuyendera malo ogulitsa zakudya. Kulinso bungwe la Malawi Bureau of Standards, la Competition and Fair Trading Commission, ndi la ogula la CAMA. Kumeneko chithunzi chanu ndi lisiti yanu zimasanduka umboni umene ungateteze wapaulendo wa mawa.

Kwa eni malo ndikuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tumani munthu nyengo ya fodya ino isanathe, ndipo muwerenge lipoti lake muli okonzeka kupezamo dzina lanu. Likanena kuti mnyamata wa pa chiwaya adalandira mlendo mwaulemu n'kumubwezera chenje chonse, mumuyamike pamaso pa anzake, mumuwonjezere kangachepe pa malipiro a mwezi umenewo. Antchito akadziwa kuti kazitape amanenanso zabwino, aliyense wolowa pakhomo amalandiridwa ngati ndi iyeyo.