Makolo, Ana ndi Kuwerenga ku Kitwe ndi Ndola Pamene Sukulu Zinatsekedwa

Boma la Zambia linatseka sukulu zonse pa 20 Malichi 2020, patangopita masiku awiri chilengezereni kuti matenda a COVID-19 apezeka m'dzikolo, ndipo ngakhale kuti anthu sanatsekeredwe m'nyumba monga zinachitikira ku South Africa, kutsekedwa kwa sukulu kunasintha kwambiri moyo wa mabanja a m'mizinda ya migodi ya Kitwe ndi Ndola. Ophunzira a m'makalasi olemba mayeso, omwe anali Giredi 7, 9 ndi 12, anabwerera kusukulu pa 1 Juni, pamene ena onse anadikira mpaka pa 21 Sepitembala. Popeza chaka cha sukulu ku Zambia chimayamba mu Januwale, mwana wa Giredi 1 anali ataphunzira miyezi iwiri yokha pamene anauzidwa kuti akhale pakhomo, kumene anakhala miyezi 6, ndipo udindo womuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba unagwera makolo amene sanaukonzekere. Anthu amasiyana maganizo pa zomwe zinatsatira: ena amati nthawiyo inabwezera ana m'manja mwa makolo awo, ena amati inawabera maziko a maphunziro.

Mbali yoyambayo ili ndi mfundo zosafunika kuzinyoza. M'makomboni monga Wusakile, Chamboli ndi Chimwemwe ku Kitwe, kapena Chifubu, Kabushi ndi Lubuto ku Ndola, bambo wogwira ntchito ya mashifiti ndi mayi wolawirira kumsika amatha sabata yathunthu osatsegula kope la mwana, moti lipoti la kumapeto kwa teremu ndilo lokha limawauza mmene mwanayo akuchitira. Ana atakhala pakhomo, makolo ena anadzionera okha kuti mwana amene amakhoza kunena ndime yonse pamtima amalephera kuloza liwu limodzi la m'ndimeyo likalembedwa palokha, ndipo kudziwa zimenezi kunali phindu, chifukwa vuto lobisika silithetsedwa. Kumene kunali mwana wamkulu wa kusekondale, iyeyo ankasanduka mphunzitsi, n'kumalemba ba, be, bi, bo, bu ndi khala pakhoma la kuseri kapena ndi kamtengo pansi, azing'ono ake akutsatira ndi chala. Mapemphero atasamukira m'nyumba chifukwa misonkhano ya anthu oposa 50 inaletsedwa, Baibulo ndi buku la nyimbo, zomwe m'mabanja ambiri ndiwo mabuku okhawo, zinayamba kuwerengedwa mokweza pamaso pa ana. Nthano ndi ndagi za madzulo nazonso si masewera chabe, popeza zimachulukitsa mawu amene mwana amadziwa ndipo zimamuzoloweretsa kutsatira nkhani kuyambira poyambira mpaka pothera. Katswiri wa maganizo a ana Robert Serpell, amene anachita kafukufuku pakati pa Achewa a ku Katete kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti akuluakulu poyesa nzeru za mwana amaonanso ngati ali wodalirika akatumidwa, ndipo khalidwe lotere limaphunziridwa pakhomo kuposa m'kalasi.

Komabe kuwerenga kuli ndi mbali ziwiri zimene ziyenera kusiyanitsidwa. Yoyamba ndi kumva chilankhulo, kutanthauza kudziwa mawu ndi kumvetsa zimene akunena, ndipo banja lililonse, ngakhale losauka, limapereka zimenezi. Yachiwiri ndi kulumikiza lemba lililonse ndi kamvekedwe kake, kenako kuphatikiza malembawo kukhala maphatikizo ndi mawu, ndipo luso limeneli silibwera lokha monga kulankhula, koma limafuna munthu wolitsata mwadongosolo tsiku ndi tsiku mpaka litakhazikika. Mwana amene analidziwa kale sukulu zisanatsekedwe akanatha kulisunga powerenga chilichonse chopezeka m'nyumba, koma amene anali asanalidziwe analibe poyambira.

Nkhani ya chilankhulo inawonjezera vutoli. Kuyambira mu 2014, ndondomeko ya maphunziro inalamula kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha m'dera lawo, ndipo ku Copperbelt, chigawo chimene muli Kitwe ndi Ndola, chilankhulocho chinali Chibemba, chomwe chimalembedwa mofanana ndi mmene chimanenedwera, kotero kuti kholo lodziwa kuwerenga likanatha kuthandiza mwana mosavuta. Koma mizinda ya migodi ndi ya anthu osakanikirana: muli Alamba, omwe ndi eni dera, muli mabanja olankhula Chinyanja ochokera kum'mawa ndi zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, muli ochokera ku Congo, ndipo Chibemba cha m'tauni chimasiyana ndi cha m'mabuku. Ndiponso makolo ambiri amaona Chingerezi ngati khomo la ntchito, choncho ankaphunzitsa ana mayina a malemba a Chingerezi, zimene zimasiyana ndi njira ya kamvekedwe ka malemba imene mphunzitsi anali atayamba nayo.

Chinthu chachikulu chimene chimafooketsa ganizo loti banja likanalowa m'malo mwa sukulu ndi chakuti makolowo anali pa nkhondo yofuna chakudya. Mu Epulo 2020, kampani ya Mopani Copper Mines, imene panthawiyo inali m'manja mwa kampani ya Glencore, inalengeza kuti iimitsa ntchito yokumba ku Nkana ndi ku Mufulira, ndipo ngakhale kuti boma linakaniza zimenezi mwamphamvu, mantha anagwira mabanja a ogwira ntchito pafupifupi 11,000 pamodzi ndi amalonda odalira malipiro awo. Kwacha inagwa mphamvu chaka chimenecho, mitengo inakwera, ndipo mu Novembala dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole yake ina yakunja. Mayi wogulitsa tomato ku msika wa Chisokone kapena wa Masala sakanasiya benchi lake kuti akhale pansi ndi kope, ndipo kawirikawiri mwana wamkulu, makamaka wamkazi, ndiye ankatengedwa kukathandiza malonda kapena kusiyidwa akulera makanda.

Unduna wa maphunziro sunangokhala chete, chifukwa unayambitsa maphunziro a pa wailesi yakanema kudzera pa ZNBC TV4, a pa wailesi ndi a pa intaneti. Njira zimenezi zinathandiza ana a ku Parklands ndi Riverside ku Kitwe, kapena Kansenshi ndi Northrise ku Ndola, kumene kuli kompyuta ndi kholo lophunzira, koma ku Ipusukilo ndi Chipulukusu foni ya m'nyumba ndi imodzi, imachoka ndi mwini wake m'mawa, ndipo kugula bando ya intaneti kumapikisana ndi kugula ufa. Magetsi nawonso ankazimitsidwa kwa maola ambiri patsiku chifukwa madzi anali atachepa ku damu la Kariba. Ngakhale zonsezi zikanakhala bwino, wailesi yakanema singaone kuti mwana wa zaka 7 wagwira pensulo molakwika kapena kuti akusokoneza b ndi d.

Boma liyenera kuweruzidwa mwachilungamo pa zimene linadziwa panthawiyo. Mu Malichi 2020 panalibe katemera, sizinkadziwika bwino kuti ana amafalitsa matendawa motani, makalasi anali odzaza, madzi osamba m'manja anali osakwanira m'sukulu zambiri, ndipo ana ochuluka amakhala ndi agogo awo, omwe anali pachiopsezo chachikulu. Kuyamba ndi makalasi a mayeso kunalinso ndi chifukwa chomveka, popeza mayeso akalephereka ndiye kuti kusankhira ophunzira ku sekondale ndi ku makoleji kwaima. Cholakwika chinali kusiya ana aang'ono kwambiri kumapeto kwa mzere popanda chowagwiriziza, pamene iwowo ndiwo sangathe kudziphunzitsa okha. Ena amanena kuti zimene zinatayika ndi zochepa chifukwa sukulu zinkalephera kale, ndipo amatchula kafukufuku wa PISA for Development wa mu 2017, amene anapeza kuti mwa ophunzira 100 aliwonse a zaka 15 ku Zambia, pafupifupi 5 okha ndiwo anafika pa mlingo wochepetsetsa wa kuwerenga momvetsa. Chiwerengerochi n'chomvetsa chisoni, koma chikusonyeza kuti mwana wosauka analibe malo ena opezera luso limeneli kupatula kalasi yofookayo, ndipo kumuchotsera imeneyo kunali kumuchotsera zonse.

Kutseka sukulu sikunathere pamenepo. Zinatsekedwanso mu Juni 2021 matendawa atakula, ndipo mu 2024 mliri wa kolera unachedwetsa kutsegulira mpaka pa 12 Febuluwale, chaka chomwe ana amene anayamba Giredi 1 mu 2020 ankalowa Giredi 5, kalasi imene maphunziro onse ankasinthira ku Chingerezi. Chinthu chimene chimabwerezabwereza chotere chiyenera kukonzekeredwa, ndipo chigawo cha Copperbelt chili ndi zipangizo zake: Mission Press ya ku Ndola yasindikiza mabuku ndi magazini ya Icengelo kwa zaka zambiri, Radio Icengelo imamveka m'makomboni, ndipo mipingo imafika khomo ndi khomo. Timabuku ta nkhani zazifupi m'Chibemba, togawidwa kwa mwana aliyense tsiku lotsekera sukulu pamodzi ndi tsamba limodzi louza kholo kapena mwana wamkulu chochita kwa mphindi 20 patsiku, sitifuna magetsi kapena bando.

Kwa ana amene anatsalira kale, njira yodalirika ndi ya Catch Up, imene unduna unayamba kuiyesa mu 2016 m'zigawo za Eastern ndi Southern, yomwe imagawa ana a Giredi 3 mpaka 5 potsata zimene akutha kuwerenga m'malo motsata kalasi yawo. Njirayi imafuna nthawi ya mphunzitsi, ndipo nthawiyo ndi yosowa chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, pamene makalasi anasefukira ngakhale kuti boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho.