Khoswe Akakhala pa Mkhate Sapheka: Nzeru ya Chipolopolo Chaching'ono

Ana asukulu ambiri amaudziwa mwambi uwu pamtima, ndipo akafunsidwa tanthauzo lake amayankha msanga kuti nkovuta kulanga wolakwa amene ali m'bale wako. Yankho limeneli n'loona. Koma mwambiwu usadafike pabwalo la milandu udabadwira m'nyumba, pamene munthu adanyamula chibonga nayang'ana khoswe, kenaka nayang'ananso mkhate, naona kuti mphamvu yopha khosweyo iswanso mkhatewo. Choncho phunziro lake loyamba n'lakuti chida chiyenera kulingana ndi ntchito yake, ndipo woponya ayenera kuganizira chimene chili kuseri kwa chinthu chimene akuponyacho.

Phunziro limeneli likukhudza kwambiri nkhani ya mfuti. Anyamata ambiri amaganiza kuti mfuti yabwino ndi imene ili ndi chipolopolo chachikulu ndi kulira kogwedeza mapiri. Maganizo amenewa ndi a munthu amene sadayendepo m'tchire tsiku lathunthu. Kwa munthu amene boma lamuloleza kusunga mfuti yosakira nyama zazing'ono kapena yotetezera munda ndi khola, chipolopolo chaching'ono ndicho chanzeru, ndipo zifukwa zake Angoni a ku Ntcheu adazidziwa kalekale mfuti zisadachuluke.

Makolo a Angoni a kwa Maseko adachoka kumwera kwa Africa m'nthawi ya nkhondo za Shaka, mfumu ya Azulu imene idalamulira kuyambira 1816 mpaka 1828. Mitundu yambiri panthawiyo inkadalira mikondo yaitali yoponya. Munthu akaponya mkondo wake amatsala chimanjamanja, ndipo mdani amatola mkondo womwewo n'kumubwezera. Ankhondo a Shaka adatchuka ndi nthungo yaifupi ya mpeni waukulu, imene siinkachoka m'dzanja, pamodzi ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe. Chida chachifupicho ndicho chidatsegulira Angoni njira kuwoloka Zambezi, kukafika ku Songea m'dziko la Tanzania, n'kubwereranso kudzakhazikika ku Domwe ndi ku Ntcheu. Iwo adachisankha chifukwa chidali chokwanira pa mtunda umene nkhondo zawo zinkamenyedwera.

Chida chilichonse chili ndi malire ake, ndipo mu 1896 nthungo idakumana ndi mfuti za atsamunda a ku Britain. Inkosi Gomani Chikuse idagwidwa niphedwa chaka chomwecho pafupi ndi Dombole. Komabe chodabwitsa n'chakuti eni mfuti nawonso adatsata njira ya nthungo yaifupi. Mfuti ya Martini-Henry ya mu 1871 idali ndi chipolopolo chonenepa ngati chala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 idayamba kusiyira malo chipolopolo chochepa cha .303, chimene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adadzanyamula pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse. Pa nkhondo yachiwiriyo akatswiri adapeza kuti asilikali amaomberana kwambiri pa mtunda wosapitirira mamita 300 kapena 400, ndipo adafupikitsanso chipolopolo. Germany idapanga cha 7.92×33, Soviet Union idapanga cha 7.62×39 mu 1943, ndipo mu 1980 mayiko a NATO adavomereza cha 5.56×45.

Chifukwa choyamba chokondera chipolopolo chaching'ono ndi kupepuka. Cha 5.56 chimalemera pafupifupi theka la cha .303, ndipo mfuti yake nayonso imakhala yaifupi ndi yopepuka. Aliyense amene adakwerapo mapiri a ku Tsangano atasenza katundu amadziwa kuti chimene chimapepuka m'mawa chimalemera madzulo. Chifukwa chachiwiri ndi kukankha kwa mfuti paphewa. Wonga ukachuluka, mfuti imamenya mwini wake mwamphamvu, ndipo munthu amene wamenyedwa kangapo amayamba kutsinzina asadaombe. Wotsinzina salasa. Mlenje wa ku Scotland, W.D.M. Bell, amene adasaka njovu kum'mawa kwa Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, adapha njovu mazana ambiri ndi chipolopolo chochepa cha 7×57 chifukwa adaphunzira bwino thupi la nyamayo. Kupulula njovu kotereku lero ndi mlandu waukulu, koma nkhaniyi ikuonetsa kuti luso la woomba limaposa kukula kwa mtovu.

Chifukwa chachitatu chili m'mbale ya ndiwo. Njati ndi ntchefu zimene agogo ankasimba sizikupezekanso m'madambo ozungulira midzi ya ku Ntcheu. Zotsala ndi akalulu, nkhanga, nkhwali, agwape apo ndi apo, anyani ndi nguluwe zoononga chimanga, ndiponso afisi ogwira mbuzi. Kalulu wolasidwa ndi chipolopolo cha nkhondo amasanduka ubweya ndi mafupa okhaokha, ndipo mlenje amabwerera kunyumba wopanda chopatsa mayi wa ana. Chipolopolo cha .22 LR, chimene chidayamba kupangidwa mu 1887, chidakali chotchuka padziko lonse chifukwa n'chotsika mtengo ndipo sichiononga nyama yaing'ono. Makolo nawonso sankatengera mbewa nthungo. Mbewa inali ndi diwa lake, mbalame inali ndi ulimbo wake, nguluwe inali ndi mbuna yake.

Chifukwa chachinayi, chimene chili chachikulu koposa, ndi mkhate uja. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Tchire limene kale munthu ankayenda tsiku lonse osakumana ndi mnzake lero ndi minda ya mbatatesi, kabichi ndi chimanga. Kuseri kwa chulu kuli mayi wotola nkhuni, kuseri kwa nsungwi kuli mwana woweta ng'ombe. Chipolopolo cha .303 chikaphonya chingathe kuyenda makilomita oposa awiri chisadagwe, ndipo sichisankha pogwera. Chaching'ono chimatha mphamvu msanga, ngakhale kuti nacho sichoseweretsa, pakuti ngakhale cha .22 chimapitirira kilomita imodzi. Woomba usiku pofuna kuopseza wakuba pakhola akumbukire kuti chitseko cha mnansi wake ndi thabwa chabe, ndipo kuseri kwake kwagona ana.

Pali otsutsa amene amati chipolopolo chaching'ono chimangovulaza nyama yaikulu osaipha, ndipo pamenepa akunena zoona. Mvuu kapena njati yovulala ndi yoopsa kuposa yamoyo wathunthu. N'chifukwa chake mayiko ena, monga Tanzania, amalamula kuti nyama zoopsa zisakidwe ndi mfuti yosachepera .375. Mwambo wa uzimba nawonso sunkalola nyama yolasidwa kusiyidwa ikuvutika. Woyamba kulasa ndiye ankakhala mwini nyama, wosomola ankalandira mwendo, ndipo gulu lonse linkalondola magazi mpaka nyamayo itapezeka. Koma mfundo imeneyi ikungotsimikiza lamulo lomwe lija lakuti chida chilingane ndi ntchito. Ndipo nyama yoopsa ikalowa m'mudzi masiku ano, ntchitoyo ndi ya alonda a nthambi yoona za nyama zakutchire, amene adaphunzitsidwa ndipo ali ndi zida zoyenera.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupepuka komwe kumathandiza mlenje ndiko kudachititsa AK-47, mfuti ya chipolopolo cha 7.62×39, kukhala tsoka la Africa, popeza ngakhale mwana amatha kuinyamula. Anthu a ku Lizulu, Biriwiri ndi Tsangano safunika kuuzidwa zimenezi. M'madera ena a kumeneko msewu waukulu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo pa nkhondo ya pachiweniweni ya m'dzikolo, imene idatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, iwo adalandira othawa nkhondo miyandamiyanda. Nkhondo itatha mfuti zambiri sizidabwerere m'nkhokwe za boma, ndipo zina zidagwera m'manja mwa achifwamba. Mfuti yotere, ngakhale wina aigulitse pa mtengo wa mbuzi, si chida chosakira kapena chotetezera banja. Woisunga pansi pa mphasa wasunga ndende yake.

Malamulo a dziko lino ndi omveka. Lamulo la mfuti la mu 1967 limafuna kuti wosunga mfuti ndi zipolopolo akhale ndi chilolezo chochokera kupolisi. Lamulo la nyama zakutchire la mu 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limafuna chilolezo chosakira, ndipo wopha nyama zotetezedwa kwambiri angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Gogodela wosulidwa mobisa naye ali pansi pa malamulo omwewa, kuwonjeza apo amatha kuphulikira mwini wake kumaso.

Mabanja ambiri a ku Ntcheu sadzasowa mfuti moyo wawo wonse. Khola lolimba, galu wouwa, anansi odzuka akamva mkuwo ndi gulu la chitetezo cha m'mudzi logwirizana ndi apolisi zateteza ziweto zambiri kuposa wonga. Nkhanga zidapangana kusadapse, ndipo mudzi wopangana masana suvutika usiku. Koma mdzukulu amene tsiku lina adzakhala ndi chilolezo m'thumba, nadzaima pamaso pa wogulitsa mfuti, asadzachite manyazi kuloza yaing'ono. Pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, amuna ovina ngoma amanyamula chishango ndi chibonga chachifupi, ndipo palibe amene amawaseka kuti zida zawo zachepa. Adzukulu akamaonerera gule ameneyu aziona m'manja mwa ovinawo nzeru ya makolo awo, amene ankayamba ayeza ntchito asadasankhe chida.