NZERU ZA MAKONO: Nkhokwe ya Kutali ndi Ufa wa M'dengu

Palibe mai wanzeru amene amakwera m'nkhokwe nthawi iri yonse pamene afuna kuphika nsima. Iye amatapa cimanga kamodzi, napita naco kucigayo, nasunga ufa m'dengu pafupi ndi moto. Nzeru yomweyi ndiyo imene akatswiri a makompyuta amagwiritsa nchito pofuna kupulumutsa nthawi ndi ndarama.

Zithunzi, makalata ndi nyimbo zambiri zimene anthu amaziona kapena kuzimva pa lamya za m'manja zimasungidwa m'zinyumba zazikulu zodzala ndi makompyuta. Kasungidwe kotere kamachedwa "cloud" pa Cingelezi, ndiko kuti mtambo. Kampani ya Amazon inatsegula nkhokwe yace yochedwa S3 m'caka ca 2006. M'caka ca 2019 a Microsoft anatsegula zao ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo a Amazon anatsatira ku Cape Town mu 2020.

Komabe nkhokwezi ziri patali. Kucokera ku Lusaka kufika ku Cape Town pali makilomita oposa 2,000, ndipo popeza dziko la Zambia silinakhudze nyanja yamcere, uthenga wopita ku Ulaya umayamba wadutsa m'maiko oyandikana nalo usanalowe m'nthambo za pansi pa nyanja. Kuonjezera apo, a Amazon amalipiritsa posunga katundu, pomuitanitsa, ndiponso pomuturutsa kupita kwa anthu. Motero kampani imene ikatapa cithunzi cimodzimodzi kambirimbiri imalipiranso kambirimbiri.

Dengu la ufa lija, pa nchito imeneyi, limachedwa "cache". Maurice Wilkes wa ku Cambridge analongosola maganizowa m'caka ca 1965, ndipo mu 1968 kampani ya IBM inalengeza kompyuta yokhala ndi dengu lotere. Munthu woyamba akaitanitsa cithunzi, cimacokera kunkhokwe yakutali, koma cofanana naco cimatsala pa kompyuta yapafupi kapena m'lamya momwemo. Otsatira onse amatapa pafupi, mosacedwa. Dengu likadzala, kawirikawiri makina amataya cinthu cimene catha nthawi yaitali osafunidwa.

Pamenepa mlimi ayenera kuzindikira zinthu ziwiri. Coyamba, cimene cimapulumutsa ndarama zace ndi dengu la m'lamya yace. Cithunzi cocokera pa kompyuta yapafupi cimafika msanga, koma cimadyabe bandulo. Pamene kanema wophunzitsa za ulimi amene wakopedwa kale m'lamya angaonedwe ndi banja lonse kakhumi popanda kulipiranso.

Caciwiri ndico coopsa: ufa wokhalitsa umafumbwa. Za m'dengu zimakalamba pamene za m'nkhokwe zasintha kale. Ncifukwa cace akatswiri amaikira cinthu ciri conse nthawi yace. Ikakwana, makina amakafunsanso kunkhokwe. Koma nthawiyo isanakwane, lamya ingathe kuonetsa mtengo wa cimanga wa dzana kapena zanyengo za dzulo. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Mlimi amene afuna kugulitsa matumba ace kapena kubzala podalira zimene waona pa lamya, ayambe wayang'ana tsiku limene uthengawo unalembedwa, ndi kuuitanitsanso mwatsopano, asanamange ng'ombe kungolo.