LILIME LA MKAZI SI FODYA WA PA OKUSHONI

Sabata yatha, pa bolodi la zidziwitso la pakhomo la kodyera, munthu wina amene anachita manyazi kulemba dzina lake anakhomapo pepala. Pamwamba pake panali funso: kodi ndi chilankhulo chiti chimene chimakoma kwambiri m'kamwa mwa mkazi? Pansi pake panali mndandanda, ndipo anyamata ankati akamachokera kukadya, aliyense nkuikapo kamzere kake ngati akuponya voti. Pofika Lachitatu zotsatira zinali zitadziwika. Chifalansa chinatsogola. Chachiwiri chinali Chingerezi, koma wina anafotokoza m'mbali kuti sakunena Chingerezi chilichonse ayi, akunena "cha m'mphuno", cha atsikana ochokera ku sukulu zolipira ndalama zambiri. Chitumbuka chinakhala pachitatu. Chichewa cha kwathu ku Kasungu anachiika pakatikati, ndi ndemanga yakuti "chikununkha chigafa". Kumunsi kwenikweni kunali Chisena ndi Chilomwe. Pa Chilomwe panalibe kamzere ndi kamodzi komwe. Panali chithunzi cha njoka.

Lachinayi usiku ndinaidzutsa nkhaniyi pa bwalo lathu la alembi. Amuna amene amatha ola lathunthu kukanganirana mawu amodzi a m'ndakatulo anandiyankha ndi chiganizo chimodzi: "Chemwali, ija ndi nthabwala chabe." Popeza pakamwa ndinalephera kumaliza, ndati ndimalizire pano, ndipo Akonzi andikhululukire ngati nditadye mapepala ambiri.

Ndiyambe ndi Chifalansa chanucho. Mwa inu nonse amene munachivotera, ndi angati amene angathe kupempha madzi akumwa m'Chifalansa? Ndikudziwapo awiri. Otsalanu simunamvepo mkazi wa ku Marseille akukangana ndi wogulitsa nsomba, kapena mayi wa ku Lubumbashi akukalipira mwana wake m'Chifalansa chomwecho. Chimene munamva ndi mawu a mkazi wa m'kanema wotsatsa mafuta onunkhira, wolipidwa kuti anong'one. Munavotera botolo la mafuta, abale anga, osati chilankhulo.

Izi sindikungonena mwa mkwiyo. M'zaka za m'ma 1970, Howard Giles ndi anzake ku Britain adayesa nkhani yomweyi. Agiriki eniake amati Chigiriki cha ku Athens ndi chaulemu ndi chokoma, pamene cha ku chilumba cha Crete amati ndi chachimidzi. Akatswiriwo adatenga mawu a mitundu yonse iwiri nkumvetsera anthu a ku Britain osadziwa Chigiriki. Anthuwo sadamve kuti china chikukoma kuposa chinzake. Adachitanso chimodzimodzi ndi Chifalansa cha ku France ndi cha ku Canada, pomvetsera anthu a ku Wales, ndipo zotsatira zidali zomwezo. Khutu limene silinauzidwe kuti olemera ndi ati, silidziwa kusankha. Mu 2023 Andrey Anikin ndi anzake adafalitsa kafukufuku wamkulu koposa: zilankhulo 228, omvetsera 820. Kusiyana kwa zilankhulozo pa kakomedwe kudapezeka kochepa zedi. Anthu ankakondera chilankhulo chimene akuganiza kuti akuchizindikira. Koma chinthu china chidaonekera, ndipo ndicho chandichititsa kuwatchula: omvetsera ankakonda mawu a akazi otuluka ndi kampweya, ofanana ndi kunong'ona, kaya mkaziyo akulankhula chilankhulo chanji. Mwamva? Chimene pepala lanu lija linkafunafuna si Chifalansa kapena Chitumbuka. Linkafuna mkazi wolankhula motsitsa.

Koma sindifunika kupita ku Athens kuti ndione zimenezi, pakuti ndidakulira pamalo pamene mtengo wa lilime udakwera ndi kutsika anthu akuona. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndipo chikhale chilankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'sukulu. Mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board kuti liziwongola malilime a anthu. Ndipo Chichewa "chenicheni" chidali chiti? Cha kwawo kwa Dr. Banda, ku Kasungu. Agogo a kwathu amene sadapondepo m'kalasi adasanduka muyeso wa dziko lonse osadziwa. Lero, mtsikana wolankhula Chichewa chomwecho akafika pa koleji akuuzidwa kuti chikununkha chigafa. Kodi chasintha nchiyani? Lilime la agogo aja ndi lomwe lija. Chasintha ndi munthu wokhala ku nyumba ya boma.

Ndipo ngakhale nthawi imeneyo ulemuwo udali wa pakamwa. Pamene Dr. Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, m'boma lomwelo la Chichewa chenicheni, ana adapatsidwa Chilatini ndi Chigiriki chakale, koma Chichewa sichidaloledwe pa ndandanda wa maphunziro. Chikomekome cha mkuyu. Anyamata amene aika Chingerezi cha m'mphuno pamwamba pa chilankhulo cha amayi awo asadzione ngati atulukira kanthu. Akungobwereza phunziro lakale la ku Mtunthama.

Za Chitumbuka ndiye zimandiseketsa ndi kundipweteka pamodzi. Kumpoto kwa boma lathu, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, Chitumbuka ndi cha pakhomo, ndipo pa msika wa pa Nkhamenya mayi mmodzi amagulitsa tomato m'zilankhulo ziwiri osaganizako. Chilankhulo chimenechi chidakhala kunja kwa wailesi kuyambira 1968 mpaka 1994. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Tsopano inu mukuti nchokoma, mwachipatsa malo achitatu. Chabwino. Koma ndakuonani ndi maso anga: mtsikana akati "yewo" akumwetulira, mumasungunuka, atsikana atatu omwewo akayamba kukambirana zawo m'Chitumbuka pa tebulo la kodyera, osakuyang'anani, mumayamba kung'ung'udza kuti anthu akumpoto ngatsankho. Chitumbuka chimakukomerani chikamalankhulidwa kwa inu. Chikamalankhulidwa inu mulibemo, chimasanduka mlandu.

Tsopano ndifike pa njoka ija, pakuti ndi imene yandigoneka mochedwa masiku onsewa.

Amayi anga adabadwira ku Phalombe. Adabwera ku Kasungu pa lole, pamodzi ndi bambo anga ndi mabanja ena, kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale imene sinditchula dzina. Amene simunakhalepo pa esiteti mudziwe kuti m'buku la kalaliki munkalembedwa dzina la mwamuna lokha. Chimanga, mchere, feteleza, zonse zinkatengedwa pa ngongole, nkudzadulidwa fodya akagulitsidwa. Mkazi ankathirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka masamba, kupachika m'chigafa, kumanga mindindi mpaka zala kuda bii, koma m'bukumo munalibe ngakhale chilembo choyamba cha dzina lake. Lamulo lothetsa utenanti lidadza mu 2021, ife titachokako kale.

Amayi amalankhula Chilomwe, koma ine ndidachimva kwa iwo kangapo kokha, ndipo nthawi zonse usiku, akamacheza chapansipansi ndi mayi wina wa kwawo. Masana ankachibisa monga mmene munthu amabisira chilonda. Pa chitsime akazi anzawo ankawaseka katchulidwe, ana a kapitawo ankatiimbira nyimbo za njoka, ndipo amayi adatsimikiza mumtima kuti ana awo sadzasekedwa. Adatilera m'Chichewa cha ku Kasungu, chimene iwo eni adachita kuphunzira ali akuluakulu. Chipongwechi si cha dzulo. M'masiku a atsamunda anthu a mtundu wawo, amene adadzadza m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, ankatchedwa ndi dzina lonyoza, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake adalimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 kuti boma lizilemba kuti Alomwe. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Alomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'dziko muno, pafupifupi 19 mwa anthu 100 aliwonse. Koma yendani m'makhonde a koleji ino tsiku lonse, mundiuze ngati mumva chiganizo chimodzi cha Chilomwe. Pakati pa anyamata amene anaseka chithunzi chija, ndikutsimikiza kuti ena agogo awo ndi a ku Mulanje. Iwowo, ngati ine, chilankhulo cha amayi awo sachidziwa. Ine ndimatha kulemba nkhani ino, ndimatha kulemba mayeso m'Chingerezi, koma agogo anga a ku Phalombe adamwalira tisanachezepo m'chilankhulo chimene ankalotera. Ndiye wina andiuze kuti ndi nthabwala chabe.

Pepala lija nditaliona ndinalizindikira msanga, chifukwa ntchito yake ndinaiphunzira ndili ndi zaka 9. Ndi kusankha fodya. Umatenga tsamba, kuliyang'ana mtundu, kutalika, kufewa, nkuliponya pa mulu wake. Belo likafika pa okushoni, ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, ogula amayenda mumzere, wina kusolola mindindi iwiri, kuinunkhiza, kutchula mtengo, nkupitirira. Mlimi amaima patali. Fodya salankhula, ndipo palibe amene amamufunsa. Anyamata athu achita zomwezo ndi ife: atiika m'magiredi, atchula mitengo, ena atibweza. Kusiyana kwake nkwakuti ogula a ku Kanengo amabwera ndi madola, pamene awa angobwera ndi bolopeni yobwereka.

Pali funso limodzi limene ndinafunsa Lachinayi lija ndipo palibe amene anandiyankha. Nchifukwa chiyani palibe pepala lofunsa kuti ndi chilankhulo chiti chimakoma m'kamwa mwa mwamuna? Mwamuna akaima pa bwalo lathu kuwerenga ndakatulo, timakangana za zimene wanena: fanizo ili lalephera, mzere uwu ukunyoza boma, uwu wabedwa. Mkazi akawerenga, ndemanga yoyamba imakhala yakuti "muli ndi mawu abwino". Chaka chino ndamva zimenezi katatu, kamodzi nditangowerenga ndakatulo ya mwana amene adadwala chifukwa chogona m'chigafa. Mawu abwino! Munthu wakuuza kuti nyumba ikupsa, iwe nkumuyamikira kaimbidwe.

Dziko lino lidazolowera kumva akazi motero. Kwa zaka pafupifupi 30 amayi ankanyamulidwa pa malole, atavala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, kukaimba ndi kuvina kulikonse kumene Nkhoswe ya mbumba ikupita. Mawu awo adali okoma, palibe wotsutsa, ndipo wailesi inkawaulutsa usana ndi usiku. Koma akazi amene adatsegula pakamwa kuti anene kanthu, osati kuimba, adaona zina. Rose Chibambo wa ku Mzimba, amene adasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adatsekeredwa ndi atsamunda mu 1959 ali ndi khanda, ndipo pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964 adathawira ku Zambia, kumene adakhala mpaka ulamuliro utasintha. Vera Chirwa, mkazi woyamba wa Chimalawi kukhala loya, adagwidwa mu 1981, adaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo adatuluka m'ndende mu 1993. Palibe amene adafunsa ngati Chitumbuka kapena Chingerezi chawo chinali chokoma. Nkhope ya Mayi Chibambo idaikidwa pa ndalama ya K200 mu 2012; pamenepo ndiye aliyense amawakonda, poti pepala la ndalama silitsutsa munthu.

Mnzanga wina, amene ndimamulemekeza chifukwa ndakatulo zake nzabwino, anandipeza panja nati, "Nanga munthu alibe ufulu wokonda chimene khutu lake lakonda?" Ali nawo. Inenso ndili nazo zanga. Amayi a mvano akamaimba pa maliro m'Chitumbuka, misozi imandituluka ngakhale womwalirayo sindikumudziwa, ndipo palibe Chifalansa chimene chingandichite zotero. Mnyamata akakonda kalankhulidwe ka bwenzi lake la ku Nsanje, amuuze, ndipo aphunzire Chisenacho kuti akathe kupereka moni kwa apongozi. Zimenezo ndi za anthu awiri. Koma kukhoma pepala pakhomo pamene atsikana 200 amadutsa katatu patsiku, kuti aliyense adzione giredi yake asanadye nsima, kumeneko si kukonda. Mtsikana wina wa chaka choyamba, wa kumunsi kwa Shire, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, kuyambira sabata yatha amatuluka panja amayi ake akaimba foni, nkukalankhula kuseri kwa bafa. Kale ankalankhula pabedi, mokweza, akuseka. Ndinamuyang'ana akutuluka ndipo ndinaona amayi anga pa chitsime paja.

Ndipo chimene chikundinyansa koposa nchakuti izi zachitika pakati pa ife, amene timadzitcha alembi. Timakhala pansi kudandaula kuti mabuku a m'zilankhulo zathu sakusindikizidwa, kuti ana akuphunzitsidwa m'Chingerezi asanadziwe kuwerenga chawo, kuti zilankhulo zikufa. Kodi mukuganiza kuti chilankhulo chimafa bwanji? Sichifera ku nyumba ya malamulo kokha. Chimafera pa mphasa, tsiku limene mayi waganiza kuti mwana wake asamve mawu amene iye adasekedwa nawo. Amene amayamwitsa mwana chilankhulo ndi mkazi yemweyo amene mwamujambulira njoka.

Pepala lija ndinalichotsa ndine, Lachisanu m'mawa, ndipo amene akulifunafuna asavutitse alonda. Ndalisunga m'buku langa la ndakatulo. Mwini chithunzi abwere Lachinayi likudzali adzalitenge pamaso pa bwalo lonse. Sindidzamukalipira. Ndidzangomupempha kuti atchule dzina la mudzi wa agogo ake akuchikazi, ndi chilankhulo chimene ankamuimbira pomugoneka.