MAPILITSI A MPHAMVU: ANYAMATA AKABAZA, SUNGANI NDALAMA ZANU

Abale anga a mumsika, sabata ino ndili ndi mlandu ndi timabotolo ta mavitamini tomwe tadzaza pa mabenchi mu Lilongwe muno. Ambiri ogula si odwala ayi. Ndi anyamata adzitho, aja amapalasa njinga kuchokera ku Nsaru ndi kwa Kabudula atamanga matumba a mtedza, akabaza, ndi osewera mpira m'mabwalo a fumbi ku Namitete. Ati mapilitsiwa amachotsa "dzimbiri" m'thupi.

Za dzimbirizo si bodza. Munthu akamagwira ntchito yakalavulagaga, minofu imawotcha chakudya mwaliwiro, ndiye pamatuluka tinthu tolusa, madokotala amati ma free radical. Tili ngati timoto tothetheka pa mbaula ukamakupiza. Tikachulukitsa timawononga maselo.

Koma pali china chomwe wogulitsa sakuuzani, mwina iyenso sakuchidziwa. Timoto tomweto ndi tomwe timadzutsa thupi kuti likhwime ndi kupanga zozimitsira zakezake. Mukatizima tonse ndi mapilitsi, thupi limachita ulesi.

Mu 2014 akatswiri a ku Norway anatulutsa zomwe anapeza atathamangitsa anthu 54 kwa masabata 11. Ena ankamwa mamiligalamu 1,000 a vitamini C ndi 235 a vitamini E tsiku ndi tsiku, ena mapilitsi opanda kanthu. Pothamanga, a mavitamini sanapose anzawo ngakhale pang'ono. Ndipo m'minofu mwawo, zomwe zimachuluka munthu akamakhwima zinachuluka mochepa. Ku Germany mu 2009 anapezanso kuti mavitamini awiri omwewa anafafaniza phindu lomwe masewera amabweretsa pa kayendedwe ka shuga m'magazi. Ndalama yapita, thukuta lapita, eti!

Nanga mamiligalamu 1,000 n'ngachiyani, pomwe munthu wamkulu safuna ngakhale 100 pa tsiku? Gwafa mmodzi wamkulu wakwanitsa kale. Malambe alipo, bonongwe ndi chisoso zilipo. Vitamini E ali mu mtedza womwe mnyamata uja wausenza pa kaliyala, CG7 yemwe uja wa ku Chitedze pa msewu wa Mchinji. Kungoti asankhe wopanda chuku, chifukwa chukucho chimawononga chiwindi. Ndaonapo wina akugulitsa ndowa ya mtedza kuti agule kabotolo. Kalanga ine!

Ndisanamizidwe: amayi oyembekezera, mapilitsi owonjezera magazi a ku sikelo pitirizani kumwa. Amenewo ndi a dokotala, nkhani yake ndi ina.

Inu ogulitsa, chenjeraninso ndi katundu wolembedwa kuti "mphamvu". Mu 2019 boma la Zambia linaletsa chakumwa cha Power Natural High Energy Drink SX, chomwe chinkafikanso kuno, atapezamo mankhwala a mu Viagra omwe sanalembedwe pa botolo. Kasitomala wanu wodwala mtima akagwa pa benchi panu, apolisi sadzafunsa za ku fakitale, adzayambira pa inu.